Khadi la Khirisimasi lokhala ndi chithunzi cha banja: kuchokera ku London mpaka kwathu kuno



Pa msonkhano wathu woyamba wa chaka, titatha kukangana za nthawi ya pulogalamu ya ulimi, mayi wina wachikulire anamasula mfundo ya kapulana n'kutulutsa envulopu yopindika m'makona. M'katimo munali khadi lochokera kwa mwana wawo wa ku Britain. Pakhadipo panali chithunzi: mwanayo, mkazi wake ndi ana awiri, onse atavala majuzi ofanana, kumbuyo kwawo kuli kamtengo kodzaza ndi timagetsi. Khadilo silinadzere ku positi ayi, linabwera m'chikwama cha munthu amene anadzakhala nawo pa maliro. Mayiwo Chingerezi sawerenga, ndipo mawu agolide a pakhadipo analibe nawo ntchito. Iwo anawerenga mitu.

"Chaka chatha analipo asanu. Pano ndikuona anayi. Wamkulu uja ali kuti?"

Ena tinaseka, koma iwo sanaseke. Mtima wawo unakhala pansi mnyamata wina atawaimbira foni komweko, n'kumva kuti mdzukuluyo ali bwinobwino, tsiku lojambulalo anali ku sukulu. Pamenepo m'pamene wina anafunsa kuti kodi mwambo wotumiza chithunzi cha banja chaka ndi chaka unayamba liti, nanga anauyambitsa ndani. Poti wogwira cholembera m'kalabu muno ndine, ntchito inagwera ine. Ndiye nayi nkhani yake. Koma ndineneretu kuti mayi aja ndi amene analiwerenga bwino khadi lija kuposa ife tonse odziwa zilembo.

Mwambowu si wa m'Baibulo, ndiponso si wakale monga ena amaganizira. Zaka 200 sunakwanitse n'komwe. Kuti ubadwe panafunika positi yotsika mtengo, chithunzi chotsika mtengo, ndi abale obalalika amene sangathe kudyera pamodzi pa tsiku la chikondwerero. Chachitatuchi ife tinali nacho chochuluka kuyambira kale. Ziwiri zoyambazo n'zimene zinachedwa kutipeza.

Tiyambire ku London. Chisanafike chaka cha 1840, kalata ku Britain inali ya anthu a ndalama. Mtengo unkatengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo kawirikawiri wolipira anali wolandira, osati wotumiza. Tangoganizani, kalata yafika, wapositi waima pakhomo akufuna ndalama, inu mulibe, basi kalata ibwerere. Bambo wina dzina lake Rowland Hill analimbikira kuti zimenezi zisinthe, ndipo mu Januwale 1840 boma linalola kuti kalata wamba iziyenda paliponse m'dzikomo ndi peni imodzi yokha, wotumiza atalipiriratu. Mu Meyi chaka chomwecho inatuluka sitampa yoyamba pa dziko lonse, yakuda, ya mutu wa Mfumukazi Victoria. M'chaka chimodzi chokha makalata anachuluka kuwirikiza kawiri.

Mmodzi mwa amene anathandiza Hill pa ntchitoyi anali Henry Cole. Nkhani imanenedwa kuti zimene anathandiza kuyambitsazo zinamubwerera yekha: ikafika nyengo ya Khirisimasi makalata a mafuno abwino ankaunjikana patebulo pake, ndipo kusayankha kalata kunali mwano waukulu. Mu 1843 anapempha mnzake wodziwa kujambula pamanja, John Callcott Horsley, kuti amujambulire chithunzi chimodzi choti asindikize pa makhadi ambiri. Anasindikiza 1,000. Pamwamba anasiya mpata wolembapo dzina la wolandira, pansi mpata wa dzina la wotumiza, pakati mawu ochepa ofunira munthu Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chabwino. Ntchito ya masiku angapo inasanduka ya madzulo amodzi.

Tsono taonani chimene Horsley anajambula. M'mbali ziwirizo muli anthu akudyetsa anjala ndi kuveka ausiwa. Pakati pali banja lathunthu, agogo, makolo ndi ana, atakhala patebulo, atakweza matambula a vinyo ngati akulonjera amene walandira khadiyo. Ndiye kuti khadi loyamba lenilenilo linali kale ndi chithunzi cha banja, kungoti chinali chapamanja. Linabweretsanso mkangano, pakuti pachithunzipo mwana wamng'ono akumwetsedwa vinyo, ndipo magulu olimbana ndi uchidakwa sanakondwe nazo. Eetu, makadi a chikondwerero anayamba ndi mlandu.

Otsala pa 1,000 aja anagulitsidwa pa shileni imodzi lililonse. Shileni inali mapeni 12, mtengo wotumizira makalata 12, choncho munthu wamba sanayandikireko. Panapita zaka zoposa makumi awiri mwambowu usanafalikire. Kenaka kusindikiza zamitundumitundu kunatsika mtengo, mu 1869 dziko la Austria linatulutsa positikhadi yoyamba, ndipo mu 1870 ku Britain khadi linayamba kuyenda ndi theka la peni. Mu 1874 mayiko, Portugal ali momwemo, anagwirizana ku Bern kuti sitampa ya dziko limodzi izifikitsa kalata m'dziko lina. Ku America, wosindikiza wina wochokera ku Germany, Louis Prang, anayamba kugulitsa makadi ku Boston mu 1875, ndipo pofika 1881 ankasindikiza oposa 5 miliyoni pa chaka. Ambiri mwa makadi a nthawi imeneyo anali a maluwa ndi mbalame. Nkhope ya wotumiza panalibe.

Nkhopeyo inadzera njira ina. Kujambula ndi kamera kunalengezedwa ku Paris mu 1839, koma poyamba kunali kodula ndiponso kotopetsa, munthu ankakhala duu osagwedezeka mpaka khosi kuwawa. Mu 1854 wojambula wina wa ku Paris komweko, Disdéri, anapeza njira yojambulira tizithunzi tingapo pa galasi limodzi, n'kutidula, n'kutimata pa timakatoni tokwana m'dzanja. Anthu anayamba kupatsana timeneti monga ife timapatsirana manambala a foni, ndipo alubamu ya banja inabadwira pomwepo, pofuna posungira. Limodzi mwa makadi akale kwambiri a Khirisimasi okhala ndi chithunzi cha mwini wake ndi la Annie Oakley, mayi wa ku America wodziwika ndi luso loombera mfuti m'zionetsero. Analitumiza mu 1891 ali ku Glasgow, atavala zovala za ku Scotland, kuti abale ndi anzake kwawo aone kumene wafika. Mwaona? Wotumiza chithunzi ndi munthu wapaulendo.

Amene anaika kamera m'manja mwa anthu wamba ndi George Eastman wa kampani ya Kodak. Mu 1888 anatulutsa kabokosi ka madola 25 kokhala ndi filimu ya zithunzi 100. Filimu ikatha unkatumiza kamera yonseyo ku fakitale ku Rochester, iwo n'kutsuka zithunzi, n'kukubwezera kamera ili ndi filimu yatsopano. Mu 1900 inabwera Brownie, ya dola imodzi yokha, yoti ngakhale mwana ajambule. Patangopita zaka zochepa Kodak inayamba kugulitsa pepala lotsukirapo zithunzi lokhala ndi mizere ya adiresi ndi malo a sitampa kumbuyo, ndipo mu 1903 inatulutsa kamera yojambula chithunzi cha saizi ya positikhadi. Apa positi ndi chithunzi zinakumana. Mlimi wa kumudzi ku America ankatha kuimika mkazi ndi ana pakhomo, galu pambali, n'kujambula, n'kumata sitampa kumbuyo kwa chithunzi chomwecho.

Mwambo wochita zimenezi chaka chilichonse unakhazikika makamaka ku America itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945. Mabanja atsopano anasamukira kutali ndi makolo potsata ntchito, ana anabadwa ambiri, ndipo agogo ankafuna kuona adzukulu. Ntchito inkayamba mu Okutobala kapena Novembala. Banja linkasankha chithunzi chimodzi, n'kupita ndi negativo yake ku sitolo yotsuka zithunzi, kumene ankaitsukira pamodzi ndi mawu a mafuno abwino pa pepala limodzi, makope makumi asanu kapena zana. Kenaka kulemba maadiresi, kumata masitampa, ndipo ena ankapindiramo kalata yofotokoza za chaka chonse: wakuti wakhoza mayeso, wakuti wakwatiwa, agogo anachitidwa opaleshoni. M'nyumba zambiri munali kabuku ka maadiresi kokhala ndi mipata iwiri pa dzina lililonse, wina wochonga kuti tatumiza, wina wochonga kuti atitumizira. Amene sanayankhe zaka zingapo ankafufutidwa mwakachetechete, popanda mlandu, popanda nkhoswe.

Nanga ankagwira ntchito yonseyi ndani? Amayi. Mu 1987 katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Micaela di Leonardo, analemba kuti kusunga chibale ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse, ndipo kuti makadi, mafoni ndi maphwando a pachaka zimagwera akazi, ngakhale achibalewo akhale a kuchimuna. Amayi a m'kalabu muno sakudabwa, ndikudziwa. Kwathu kuno wokumbukira kuti azakhali akudwala ndi kuti wakuti sitinakamupepese maliro amakhala yemweyo.

Mphamvu ya khadi inaonekeranso pa zimene anachita mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Brigham Young, Phillip Kunz. Mu 1974 anatumiza makadi pafupifupi 600 kwa anthu osawadziwa n'komwe, mayina atangowatola m'mabuku a maadiresi. Oposa 100 anayankha. Ena analemba makalata aatali, ena anatumiza zithunzi za ana awo kwa munthu amene sanamuonepo chibadwire. Manyazi osabweza moni ndi amodzi pa dziko lonse.

Pali chinthu chimodzi chimene sindichikonda pa makadi amenewa, ndipo ndichinene. Chithunzi chake chimanama. Onse akumwetulira, zovala zochapa, tsitsi lopesa, pomwe mwina mphindi zisanu zapitazo bambo amakalipa, mwana amalira, ndipo ngongole ili m'khosi. Palibe amene amatumiza chithunzi cha tsiku la ndewu. Komabe pali bodza limodzi limene khadi limalephera kunena: chiwerengero cha anthu. Mukaika makadi a banja limodzi pa mphasa, chaka ndi chaka motsatana, muona khanda likubwera, likukula, likumera ndevu. Muona mpongozi akulowa, mwina n'kudzatulukanso. Muona agogo akufupika, kenaka chaka china malo awo ali mbee. Mawu a pakhadi amakhala omwewo chaka chilichonse. Uthenga weniweni ndi mitu.

A ku Japan anazindikira zimenezi mpaka kuziikira lamulo la ulemu. Iwo makadi awo ndi a chaka chatsopano, amawatcha nengajō, ndipo ambiri amaikapo chithunzi cha ana kapena cha ukwati. A positi amawasunga onse n'kuwagawa m'mawa wa pa 1 Januwale. Mu 2003 anasindikiza oposa 4 biliyoni, ngakhale kuti chiwerengerochi chakhala chikutsika kuyambira pamenepo. Koma banja limene lagwa maliro m'chakacho silitumiza khadi la chikondwerero. M'malo mwake limatumiziratu kakhadi kopanda zokongoletsa mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, kodziwitsa kuti kuno tili pachisoni, chaka chino sitilonjera. Ine ndinaona kuti mwambo umenewu ungamveke bwino kwathu kuno.

Nanga kwathu kunoko zinayenda bwanji?

Positi inalipo. Mozambique inali ndi masitampa ake kuyambira m'zaka za m'ma 1870. Companhia do Niassa inatulutsa ake mu 1901, osindikizidwa ku London, okhala ndi akadyamsonga ndi ngamila. Inde, ngamila ku Niassa! A ku Lichinga atiuze ngati anaionapo. Ngakhale Tete inali ndi masitampa a dzina lake mu 1913 ndi 1914. Koma positi imeneyi inali ya Mzungu wa ku boma, wamalonda, msilikali ndi wansembe. Iwowa ndiwo ankatumiza makadi a Boas Festas ku Lisboa ndi ku Porto. Nkhope zathu zinkayenda ndithu pa mapositikhadi, koma osati potumidwa ndi ife. Abale awiri a Lazarus ankajambula ku Lourenço Marques ndi ku Beira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mu 1929 José dos Santos Rufino anatulutsa maalubamu khumi a zithunzi za koloni yonse. Pa zithunzi za mtundu umenewu Mzungu amatchulidwa dzina ndi udindo, pamene munthu wakuda amangolembedwa mtundu wake kapena ntchito yake. Agogo a winawake anafika mpaka ku Ulaya pa kapepala, opanda dzina, ndipo iwo eni chithunzicho sanachione.

Chithunzi chotumidwa ndi ife tokha chinabwera ndi ulendo wa kuntchito. Amuna a ku Angónia, Macanga ndi Marávia, pothawa chibalo ndi msonkho, ankapita ku mafamu a fodya a ku Rhodesia, ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya malasha ya Wankie, ena n'kudutsira ku Nyasaland mpaka kukafika ku Joni. Kumeneko kunali masitudiyo. Munthu ankalandira malipiro, n'kuvala jekete, nthawi zina lobwereka kwa mnzake kapena kwa wojambula yemweyo, n'kuima patsogolo pa nsalu yojambulidwa nyumba yosanja kapena maluwa. Dzanja la wotchi linkakhala patsogolo. Patebulo pankakhala wailesi kapena telefoni yopanda chingwe chopita kulikonse. Wojambula wa ku South Africa, Santu Mofokeng, anasonkhanitsa zithunzi za mabanja a anthu akuda zojambulidwa pakati pa 1890 ndi 1950 n'kuzionetsa mu 1997, ndipo zikuonetsa kuti anthu athu akadzilipirira okha ankasankha kuoneka mwaulemu, mosiyana kutalitali ndi m'mene mapositikhadi aja ankawaonetsera.

Chithunzi chotero kawirikawiri sichinkamatidwa sitampa. Chinkabwera m'sutikesi ya mnzake wobwerera kumudzi, pamodzi ndi bulangete, kansalu ndi kandalama komanga pa mpango. Ndipo taonani kusiyana kwake: ku America banja linkatumiza chithunzi cha onse kwa abale akutali, pamene kuno munthu mmodzi ankatumiza chithunzi chake kwa banja lonse lotsala. Chikafika, nyumba yonse inkachiwerenga ngati kalata. Wanenepa kapena waonda? Nsapatozo n'zake? Nanga dzanja lili paphewalo n'landani? Zikapita zaka zitatu, zinayi, popanda chithunzi kapena uthenga, mawu aja ankayamba kumveka pachitsime: watchona ameneyo.

M'nyumba mwathu muli chithunzi chimodzi chotero. Amuna awiri aima, zipewa m'manja, pakati pawo pali njinga yatsopano. Agogo anga aakazi ankati mmodzi ndi mlongo wawo amene anapita ku Salisbury osabweranso. Ankachisunga m'kati mwa buku la nyimbo, ndipo akachitulutsa ankaloza ndi chala. Ife tinali ana, sitinasamale kuti chala chikuloza wa kumanja kapena wa kumanzere. Kumbuyo kwa chithunzicho kulibe dzina, kulibe chaka. Agogo anatisiya, ndipo lero pa banja lathu pali magulu awiri, ena akuti wamtaliyo, ena akuti wa masharubuyo. Paja amati chibale ndi fupa sichiola, koma ine ndaona kuti dzina limaola msanga likapanda kulembedwa.

Nkhondo ya ufulu itayamba mu 1964, moni wa Natal unachuluka m'dziko muno, koma wolowera mbali imodzi. Asilikali a Chipwitikizi ankalandira mapepala a ndege aulere, ma aerograma, kudzera m'bungwe la amayi la Movimento Nacional Feminino lomwe linakhazikitsidwa mu 1961. Ikayandikira Natal, a televizioni ya RTP ankabwera ndi makamera, asilikali n'kufola, aliyense n'kutchula dzina lake ndi kupereka moni kwa makolo, mkazi kapena chibwenzi. Mayi wa ku Portugal ankakhala maso pa televizioni kudikira nkhope imodzi, kuti adziwe kuti mwana wake akadali moyo. Nayenso ankawerenga mitu. Koma tisaiwale kuti pa 16 Disembala 1972, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti Natal ifike, asilikali a boma lomwelo anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Anthu amenewo kamera ya moni sinawafikire.

Titalandira ufulu mu 1975, boma linasiya tsiku la 25 Disembala kukhala la tchuthi koma linalipatsa dzina lina, Dia da Família, kuti likhale la aliyense, Mkhristu, Msilamu ndi wosapemphera yemwe. Kunena zoona, palibe dzina loyenera chithunzi cha banja kuposa limeneli. Chomvetsa chisoni n'chakuti zaka zotsatira zinali zobalalitsa mabanja kuposa zina zonse. Nkhondo ya zaka 16 inatseka misewu, ndipo kalata m'maboma ambiri inasiya kuyenda. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Wothawa usiku amanyamula mwana, poto ndi bulangete, alubamu imatsala, ndipo nyumba ikapsa imapsera momwemo. N'chifukwa chake mabanja ambiri kuno alibe chithunzi chilichonse cha chisanafike chaka cha 1992. Uthenga wa banja m'zaka zimenezo unkayenda pa timapepala ta Cruz Vermelha, ndipo ana otayika pa nkhondo ankajambulidwa ndi kamera ya Polaroid, zithunzi zawo n'kumaonetsedwa m'midzi ndi m'makampu kuti mwina wina azindikire nkhope. Chithunzi chinagwira ntchito yake yeniyeni pamenepo, popanda maluwa kapena mawu agolide.

M'zaka zomwezo zithunzi zina zinkachokera kozizira. Kutsatira pangano la mu 1979, achinyamata athu masauzande ambiri anakagwira ntchito m'mafakitale a ku East Germany mpaka 1990. M'nyumba zina mukadali chithunzi cha mnyamata atavala chijasi, ataima pa chipale choyera mbuu, chimene amayi ake ankaonetsa mlendo aliyense.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu n'kubwerera, inafika nyengo imene ambiri a ife tikuikumbuka bwino, ya wojambula wa panjinga. Pa 25 Disembala ndi pa 1 Januwale ankazungulira pa tchalitchi, pamsika ndi pabwalo la mpira, kamera ili pakhosi. Ana atavala zatsopano, mpunga uli pamoto, wina n'kuthamanga kukamuitana. Unkalipira theka, theka lina podzalandira. Ndiye kudikira! Filimu inali ya zithunzi 36, ndipo sankapita kukatsuka isanadzaze. Ikadzaza, ulendo wa ku Tete, kapena kudumpha malire kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Chithunzi cha Natal chinkafika chimanga chitamasula, nthawi zina pa Pasaka. Mwina agogo atuluka atatsinzina, mwina bambo mutu wadulidwa, mwina wojambula akuti filimu inapsa, ndalama yako osaionanso. Koma chikatuluka bwino munkaitanitsa makope awiri kapena atatu, limodzi la pakhoma, ena opatsira wa minibasi kapena wachibale wopita ku Beira, ku Harare kapena ku Joni. Limenelo ndilo linali khadi lathu, lopanda envulopu.

Ndipo khadi lathu lina, lalikulu kuposa onse, ndi wailesi. Lamulo la zofalitsa nkhani la mu 1991 linatsegula njira, ndipo m'zaka zotsatira mawailesi a m'madera anayamba kumera m'maboma. Inu nonse mukudziwa kapepala ka moni, kaja timati dedikatoriya. Mvetserani bwino m'mene timalembera: moni kwa amayi kwakuti, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa ana awo wakuti, wakuti ndi wakuti, osaiwala khanda. Muulutsi amatopa, achinyamata amadandaula kuti nyimbo ikuchedwa, koma gogo ali pakhonde akuwerenga ndi zala. Dzina limodzi likasowa, mawa lake funso lifika. Ndi mwambo womwe uja wa Henry Cole ndi Annie Oakley, kungoti ife tinaupeza ndi khutu.

Zimene zachitika pambuyo pake n'zachangu, ndipo nanenso ndidutsapo mwachangu. Kamera yoyamba yopanda filimu anaipanga injiniya wa Kodak yemweyo, Steven Sasson, mu 1975, chaka cha ufulu wathu. Inkalemera makilo oposa atatu ndipo inkasunga chithunzi pa kaseti. Chida chimenecho chitakula chinadya mwini wake, Kodak n'kulengeza kuti yagwa mu 2012. Kuno mcel inayamba mu 1997, Vodacom mu 2003, ndipo Movitel itabwera mu 2012 netiweki inafika m'midzi imene wapositi sanapondemo. Mu 2021 boma linaganiza zothetsa kampani ya Correios de Moçambique. Ku America ndi ku Ulaya mwambo wa khadi sunafe, unangosintha njira: makampani monga Shutterfly, imene inayamba mu 1999, amalandira chithunzi kuchokera pa foni n'kuchisindikiza pa khadi. Khadi la mayi athu aja linapangidwa mwa njira yotero.

Ife tsopano timajambula kwambiri kuposa makolo athu onse kuwaphatikiza. Pa Dia da Família foni imatentha. Koma taonani zimene zimafika pa WhatsApp tsiku limenelo: makandulo othwanima, mabelu, chipale, mawu a Boas Festas amene wina watumizira anthu makumi asanu nthawi imodzi, popanda nkhope ya wachibale ngakhale mmodzi. Chithunzi cha banja chikakhalapo, chimakhala m'foni ya mwana mmodzi. Foni ikabedwa pamsika, ikagwera m'madzi, kapena kakhadi ka memori kakafa, zaka zisanu zapita. Chithunzi cha njinga chija chapirira chiswe, nkhondo ndi denga lodontha kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Sindikhulupirira kuti foni yanga ino ifika zisanu.

Nditawafotokozera mayi aja zonsezi pa msonkhano wotsatira, za peni ya ku London ndi za ngamila za ku Niassa, anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatulutsanso envulopu ija n'kundipatsa. Anati nditembenuze khadilo ndilembe kumbuyo chaka ndi mayina a onse, kuyambira kumanzere, m'chinenero chathu. Ndinalemba anayi, n'kuwabwezera.

"Simunamalize, aphunzitsi," anatero. "Lembaninso wamkulu uja. Mulembe kuti analipo, koma anali ku sukulu."